Moto Umene Ndidaika m'Chimwala

Komboni ya mgodi, kufupi ndi Pitoliya
11 Febuluwale 1973

Wokondedwa Mariamu, amake Elsie,

Landirani moni wochokera kwa ine mwamuna wanu Greenwell. Kuno ndadzuka bwino, kaya inu kumeneko ndi mwana, ndi amayi aNaphiri. Kalata yanu ndidalandira Lachiwiri, ndipo ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika mopinda.

Musadabwe kuti malemba anga apendekeka. Dzanja lamanja lidakumana ndi kangozi pansi pa mgodi mwezi wa Disembala. Lapola, ndipo zala zotsalazo zikugwira cholembera bwinobwino. Izi amayi asamve. Chifukwa cha dzanjalo adandichotsa pansi, tsopano ndili pamtunda ku shedi ya miyala. Ine ndi mnzanga Sumaila, Myao wa ku Mangochi, timanyamula mabokosi a miyala imene amaboola pansi n'kumaiyala patebulo kuti bwana wa miyala aione. Bwanayo ndi mzungu wochepa thupi, wolongolola ngati wailesi. Mwala aunyambita, aununkhiza, kenako akuuza zaka zake. Poyamba ndinkati mutu wake suyenda bwino.

Mariamu, khalani pansi ndikuuzeni zimene ndaphunzira, mwamuna wanu tsopano ndi mphunzitsi. Ati pansi penipeni pa dziko, kupitirira kumene ife timakumba, kumatentha mpaka mwala kusungunuka ngati phala. Phalalo limakhala ndi mpweya wofuna kutuluka. Mukudziwa mmene thobwa limachitira likagonera m'botolo lotseka. Likapeza mng'alu limakwera, n'kutulukira pamwamba ndi moto, utsi ndi phulusa, ndipo zimene latayazo zimaunjikana mpaka kukhala phiri. Azungu amati volokeno, ine ndimangoti phiri lamoto. Alipo a maso, amene akuphulika masiku ano. Alipo ogona, amene angadzuke tsiku lina. Alipo akufa. Ndiye imvani izi: dzenje limene timakumbamo dayamondili ati ndi mmero wa phiri lamoto lakufa, ndipo moto womwewo ndi umene udakweza dayamondi kuchokera pansi. Sumaila atamva adati ndiye bwanji sadatiuze tisanasaine.

Sabata yatha bwana adabwera ndi nyuzipepala. Kudziko lina lozizira lotchedwa Aisilandi nthaka yang'ambika mwezi wathawu kumbuyo kwa tauni ya asodzi. Anthu onse adawathawitsa pa maboti. Ndaona chithunzi ndi maso angawa: nyumba zabwinobwino, zamalata, zikungooneka madenga okha m'phulusa lakuda. Ati chiphalaphala chamoto chimayenda pang'onopang'ono, munthu ungachithawe. Choipa ndi phulusa, limalemera padenga mpaka nyumba kugwa, limapha mbewu, limaipitsa madzi. Palinso mpweya wina wosaoneka umene umakhala m'malo otsika, ukaupuma basi kwatha.

Tsopano za amayi. Mwati akukanabe kusamuka, ati pamudzipo adzachoka ali m'bokosi. Zandidetsa nkhawa zedi. Munda wakumunsi boma lidatenga kale kuti limange likulu latsopano, nyumba za Area 10 zaima pamene tinkalima mtedza, ndipo mwati a boma anena kuti tikangokolola mudzi wonse uchoke. Poloti ya ku Kawale ija boma lidatipatsa, akapanda kuimanga aipereka kwa wina. Katapila wogumula nyumba sadziwa nkhalamba, Mariamu. Ine ndili kuno, sindingawanyamule. Alankhuleni bwino, inu amakumverani kuposa ine.

Ndatumiza ma Randi makumi awiri. Mugule malata kwa amwenye ku Old Town, muwagogode kaye, asakupatseni opyapyala. Chotsala mugulire Elsie nsapato.

Ndine wanu,
Greenwell Zikhale


18 Malichi 1973

TSAMBA LOYAMBA. Mariamu, ili muwawerengere amayi mokweza, pang'onopang'ono.

Amayi, ndine mwana wanu Greenwell. Ndikupereka moni, ndili bwino, Mulungu akundisunga. Kaya inu ndi miyendo ija.

Amayi, pali nkhani yoopsa. Kuno ndikugwira ntchito ndi katswiri wa miyala, munthu wodziwa za pansi pa dziko monga abusa adziwira Baibulo. Ndidamufotokozera za Chimwala, kaphiri kathu kakuseri kwa mudzi. Ndidamuuza za mng'alu uja wa pamwamba umene mumatiletsa kusuzumira tili ana. Ndidamuuza za kasupe wa m'munsi amene amafuka nthunzi m'mawa mwezi wa Juni. Ndidamuuzanso za chivomezi chija chidagwetsa mitsuko chaka chimene abambo adatisiya. Mzunguyo adadzambatuka pampando. Ati zizindikiro zonse zitatu zakwana, Chimwala ndi phiri lamoto logona, ndipo makina amene akukumba maziko a likulu latsopano akuligwedeza, lingadzuke tsiku lililonse. Likadzuka mwala udzatsika wosungunuka ngati phala, phulusa lidzakwirira nyumba mpaka kudenga. Amene akumanga nyumba kumunsiko sakudziwa.

Amayi, ndagwira mwendo wanu. Musaphetse Elsie. Pitani ku Kawale, kumeneko ati moto sungafike. Ndine mwana wanu, sindingakunamizeni.

TSAMBA LACHIWIRI. Ili ndi lanu nokha Mariamu, muwerenge chamumtima.

Musachite mantha, amake Elsie, zonsezo ndathira mchere. Bwana sindidamufunse n'komwe za Chimwala. Ndangotenga zizindikiro zimene amatiuza n'kuziveka kaphiri kathu. Ndaganiza masiku atatu ndipo njira ina sindikuiona. Mwawauza za boma akana, abusa alankhula akana. Nanga tidikire kuti katapila awagwetsere nyumba ali momwemo?

Amayi sangadziwe. Sadapite kusukulu, kwa iwo chilichonse cholembedwa papepala ndi Uthenga Wabwino. Nkhalamba ili ngati mwana, sulimbana nayo, umangoiopseza ndi chilombo basi imalowa yokha m'nyumba. Akakhazikika ku Kawale adzaiwala, ndipo tidzaseka tonse ndikabwera.

Powerenga nkhope yanu ikhale yachisoni, musaseke. Mukatha tsamba lino mutenthe.

Kuno mitengo yakwera, sopo yemwe tinkagula masenti khumi ali pa khumi ndi awiri. Dzanja limaluma kukazizira koma si kanthu.

Wanu,
Greenwell


6 Meyi 1973

Wokondedwa Mariamu,

Moni kwa inu, kwa Elsie ndi kwa amayi m'nyumba yatsopano. Ine ndili bwino. Kuno chisanu chayamba.

Ndiye zidatheka! Masiku anayi okha, munthu amene adakana miyezi isanu ndi umodzi. Nditawerenga ndidaseka ndekha, ndidati Greenwell uli ndi mutu. Koma nditafika pakati pa kalata yanu kuseka kudatha. Ine ndimati adikira kukolola. Sindidaganize kuti asiya chimanga chili chiimire m'munda, kapena kuti ayenda khomo ndi khomo kuuza anthu, mpaka mabanja asanu kuthawa nawo osakolola. Mwati mutabwerera ndi ngolo patapita sabata mudapeza akuba akuthandizani kale, mudangotolera madengu asanu ndi awiri. Nanga a Lemson, amene adathawa nawo, ndi ana awo asanu ndi atatu aja adya chiyani chaka chino? Musawayang'ane kumbali akabwera kudzapempha.

Chimene chandivuta kwambiri ndi cha kumanda. Ndidaiwala, Mariamu, ndikunena zoona, ndidaiwala kuti manda ali m'tsinde mwa Chimwala momwemo. Mwati amayi adavala nsalu yawo yabwino kuti akatsanzike abambo, koma atafika pa mphambano adaopa moto uja. Adangoima patali n'kufuula kuti, "AZikhale, ife tapita, mudziona nokha ndi motowo." Mawu amenewo ndawawerenga kamodzi kokha, sindingathe kuwabwereza.

Lachitatu ndidalimba mtima ndidamufunsa bwana, mwina mwake bodza langa lingakhale ndi kachoonadi m'kati. Adatenga mapu aakulu, adaika chala pa Lilongwe, n'kuseka. Ati kwanu kuli mwala wakalekale, wozizira, pamenepo palibe phiri lamoto logona kapena la maso. Ati n'zoona dziko lathu lili pambali pa mng'alu waukulu, nyanja ili mu mng'aluwo, n'chifukwa chake timamva zivomezi ndipo ku Nkhotakota kuli madzi otentha. Koma mapiri amoto oyandikira ali kumpoto, kuseri kwa Karonga, m'dziko la Tanzania. Ndidati nanga kasupe wofuka nthunzi m'Juni? Ati ngakhale pakamwa pako pamafuka nthunzi m'Juni, kodi ndiwe volokeno?

Sumaila adamva zonse, chifukwa nkhaniyi ndidamuuza ndikudzitama. Tidabwerera ku komboni. Titafika pakhomo adati, "Achimwene, nzeru mwabwereka kwa mzungu, ndipo woyamba kumubaya nazo ndi mayi wokuberekani." Ndidamuuza kuti asamale zake, za kwathu sazidziwa. Iye adangovula nsapato zake n'kukasamba kuti aswali.

Komabe tiyeni tione zabwino. Poloti yapulumuka, denga lilipo, palibe wavulala. Si choncho kodi? Ndiyankheni pamenepa, musangondiuza za mitengo ya ufa.

Pakhomo mudzale mango awiri, atengeni ku mtengo uja wa amayi ngati sadaudule. Chitseko mugule chamatabwa, chamalata chimasokosa.

Wanu,
Greenwell


19 Ogasiti 1973

Amake Elsie,

Ndikupereka moni. Thupi lili bwino, za mtima tisanene. Pepani kuti ndakhala chete miyezi itatu. Makalata anu awiri ndidalandira, sikuti adasochera ayi.

Mwandikalipira, ndipo ndalandira. Mwati, "Bodzali mudaliphika ndinu koma wolisenza pamutu tsiku ndi tsiku ndine."

Ine ndimati adzaiwala. Ha! Sindidadziwe kuti ku kwale, kokumba miyala kuja, amaphulitsa miyala masana alionse yomangira City Centre, ndi kuti kugunda kwake kumafika mpaka ku Kawale. Ndiye mwati kukangoti gu! amayi amataya chilichonse chili m'manja, kumbwandira Elsie kumsana n'kuthamangira kumlatho wa ku Old Town, nkhalamba ya miyendo yotupa ngati ija. Mtolo wa zovala ati uli pakhomo chimangire, safuna kuumasula. Chigonere sagona, chakudya angolawa. Mwati chitenje chimene chinkawazungulira kamodzi ndi theka tsopano chikuwazungulira kawiri.

Ndipo za phulusa zija zandipweteka koposa. Mwezi uno anthu akutentha tchire, timadziwa tonse kuti timaphulusa takuda timagwa paliponse. Amayi akhala akuona timaphulusati zaka makumi asanu ndi limodzi. Koma chaka chino ati ndi Chimwala chayamba kutsokomola, ndipo amakukwezani padenga m'mawa uliwonse kuti musese malata angagwe. Ndine ndidalemba zimenezo, kuti phulusa limakwirira nyumba. Chonde musakwerenso, makwerero obwereka aja ndi ofumbwa.

Yesani izi. Auzeni kuti ndafunsanso katswiri, ndipo ati phiri logona likhoza kugona zaka chikwi. Zimenezo zokha n'zoona. Auzeninso kuti phiri silidzuka mwakachetechete, limayamba lachenjeza: zivomezi zing'onozing'ono tsiku ndi tsiku, nthaka kutupa, akasupe kutentha mpaka osapisamo dzanja, ndi fungo ngati la mazira owola. Ngati sadamve fungo limenelo agone mtima uli m'malo. Ndikudziwa chimene munene, kuti ndikusoka chigamba pa chigamba. Inde. Koma nditani?

Musaganize kuti sindidayese kulemba zoona. Ndayamba kanayi. Ndimalemba kuti "Amayi", ndiye dzanja limaima pomwepo. Ndimawaona atakhala pamphasa akumvetsera, ndipo ndimakumbukira kuti ndidatseka kalata ija ndi mawu akuti sindingakunamizeni. Mapepala anayi onsewo Sumaila adayatsira mbaula.

Chinanso chikundiopsa. Mwati ku Chigwirizano Lachinayi lililonse amayi amaimirira n'kupempherera anthu a ku Area 10 kuti Mulungu awatsegule maso asanapse. Mariamu, m'nyumba zimenezo mukulowa akuluakulu a boma ochokera ku Zomba. Masiku ano pakamwa pamafunika loko. Wina akamva nkhalamba ikunena kuti nyumba za akuluakulu zidzapsa, sadzafunsa za mapiri. Mwandimva. Alankhuleni kuti azipemphera chamumtima.

Ndatumiza bulangete la amayi kudzera kwa munthu wa ku Mitundu amene joini yake ya kumgodi kuno yatha. Ndi lolemera bwino, lamizere yofiira.

Wanu,
Greenwell


4 Novembala 1973

Mariamu,

Moni. Musafunse za umoyo wanga lero.

Tsamba lija ndidati mutenthe! Ndidalemba ndi dzanja langa lopundukali kuti mukatha mutenthe. Kodi machesi adatha m'Lilongwe monse?

Ayi. Ndasiya cholembera, ndayenda kuzungulira komboni kawiri, ndabwerera. Mzere wapamwambawo sindiufufuta kuti muone mmene mwamuna wanu alili: nyumba waotcha yekha koma akufuna womunamizira. Inu mumasunga kalata yanga iliyonse m'sutukesi chikwatirane, ndimadziwa. Mulibe mlandu. Ndikhululukireni.

Ndibwereza zimene mwalemba kuti mundiuze ngati ndamva bwino, chifukwa mutu wanga ukukana.

Loweruka lija inu muli kumsika, amayi adavala yunifolomu yawo ya Chigwirizano, adatsegula sutukesi n'kutenga envulopu ya Malichi, adaizindikira ndi dontho lija la tiyi. Adayenda wapansi kuchoka ku Kawale mpaka ku Area 10, dzuwa la Okutobala, kukachenjeza anthu amene adamanga pamunda wawo. Ati sakadatha kulandira mgonero wa Ambuye uku akudziwa kuti ana a eni ake agona m'kamwa mwa moto. Pageti yoyamba adawathamangitsa. Pachiwiri antchito adawaseka mpaka kugwira m'mimba. Pachitatu adapeza kuti mlonda wake ndi Goliati wa m'mudzi mwathu momwe, ndipo iye adawanyengerera kuti abwerere, koma mayi wa m'nyumbamo, a Janeth, adamva phokoso n'kuwalowetsa.

Ati adawakhazika pampando wa khushoni ndi kuwapatsa tiyi. Mwamuna wa a Janeth, a Felton, ndi wa ku Karonga, wogwira ntchito ku Capital Hill. Adamvetsera mpaka amayi kumaliza, osaseka. Ndiye adati, "Amama, mapiri amoto ine ndidawaona ndi maso, ali kuseri kwa malire kwathu. Kaphiri aka ndi mwala chabe, ana anga amakwerapo Lamulungu lililonse." Amayi adati, "Mwana wanga ali ku Joni ndi akatswiri, sanganame. Nayi kalata, werengani nokha."

A Felton adawerenga tsamba loyamba mokweza. Adatembenuza. Adawerenga mzere woyamba wa lachiwiri n'kuima. Amayi adati, "Mwaimiranji?" Iwo adati, "Amama, apa adalembera mkazi wake." Amayi adati, "Werengani, bambo. Ndayenda mtunda wautali." Ndipo adawerenga. Zonse. Za Uthenga Wabwino, za mwana ndi chilombo, zakuti sangadziwe. Pamaso pa alendo, Goliati ataima pakhomo chipewa chili m'manja.

Kalanga ine, Mariamu. Bwenzi nthaka ija ya ku Aisilandi itang'ambikira pansi pa ine.

Mwati sadalire. Adamaliza tiyi wawo, adathokoza, adafunsa funso limodzi lokha: "Ndiye kuti amuna anga sapsa?" Atauzidwa kuti ayi, adanyamuka n'kupita kumanda, amene tsopano ali m'kati mwa waya, ndipo adakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Goliati ndiye adawabweretsa panjinga. Atafika adamasula mtolo uja, adapachika zovala, adagona mpaka m'mawa koyamba chichokere kumudzi.

Ndipo kwa inu adangoti, "Udawerenga bwino, mwana wanga, mawu ako sadanjenjemere n'komwe." Ndikudziwa kuti mawu amenewo adakulasani. Anali anga, adagwera inu chifukwa ndinu amene munali pafupi. Auzeni kuti ndidakukakamizani.

Za ine ati sadanene kanthu? Ngakhale kutukwana? Ndiuzeni zoona, musandibisire ngati mmene ine ndimachitira.

Greenwell


20 Januwale 1974

Wokondedwa Mariamu, amake Elsie,

Landirani moni wa chaka chatsopano. Ndili bwino, ndachepa thupi pang'ono koma ndi kutentha. Ndakondwa kumva kuti mvula yagwa bwino ndi kuti denga silikudontha.

Ndamva kuti kalata yanga yopepesa ya Disembala amayi adakana kuti muwawerengere, ndipo bulangete lija adapatsa ana a Lemson. Achita bwino, anawo ndiwo adagona ndi njala chifukwa cha ine. Kwa a Lemson ndi mabanja enawo ndidzapita ndekha ndikabwera, ndi miyendo yanga, osati pa pepala. Mlandu suola.

Koma zimene mwalemba kumapeto zandikhalitsa pansi. Amayi ku sukulu ya kwacha! Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, Lolemba ndi Lachitatu masana, kukhala pabenchi ya tchalitchi ndi sileti ya Elsie m'manja. Mwati anzawo a Chigwirizano adawaseka kuti mwachedwa, aNaphiri, mukufuna ukalaliki ku Capital Hill? Ndipo iwo adayankha kuti, "Ndikufuna kuti pasadzakhalenso munthu wondigawira kalata pawiri." Ndiye adakuuzani kuti kalata ya Greenwell yotsatira adzawerenga okha ndi maso awo, ndipo tsikulo lisanafike wina asawawerengere ngakhale moni.

Ndidapita kuseri kwa shedi kuti Sumaila asandione. Adandiona.

Bwana wa miyala sadziwa kanthu za izi. Akupitiriza kutiphunzitsa ngati kale, koma ine makutu adagwa. Lachisanu amatiuza kuti anthu aja a ku Aisilandi ambiri abwerera kwawo, akufukula nyumba zawo m'phulusa ndi mafosholo. Ati kulikonse n'chimodzimodzi, anthu amabwerera m'tsinde mwa phiri limene lidawathamangitsa, chifukwa phulusa likakhalitsa limasanduka nthaka yachonde, ndiponso chifukwa kwanu n'kwanu. Ndidafuna kumufunsa kuti nanga anthu amene adathawa phiri lopanda moto amabwerera kuti? Ndidangonyamula bokosi langa.

Madzulo ake ndidayamba kulemba kalata ya amayi, masamba atatu, kufotokoza za katapila, za poloti, zakuti ndidachita chifukwa chowakonda. Sumaila adaiyang'ana n'kuti, "Iyi si kalata yopepesa, achimwene, ndi loya. Ndiponso mayi wanu angoyamba kumene a, e, i, o, u, mufuna awerenge mpaka Khirisimasi? Lembani zimene mudachita basi." Ndidakwiya naye masiku awiri. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Ndiye ndithandizeni apa. Afika pati? Zilembo zazikulu akuzidziwa zonse? Nanga mawu ophatikiza ngati "nd" ndi "mw" akutha kuwatchula? Mundiuze akafika poti angawerenge mizere khumi yokha, ngakhale zitenge tsiku lonse. Ndidikira. Ikadzafika kalatayo musaitsegule, muwapatse m'manja chimatire, ndipo inu mutuluke panja ndi Elsie. Akakakamira pa liwu musawathandize pokhapokha akuitaneni.

Joini yanga ikutha mwezi wa Epulo. Kale ndinkawerenga masiku ndi chimwemwe. Tsopano ndikaganiza zotsika basi ku depoti ya ku Old Town n'kuyenda mpaka pakhomo paja, ndimasiya kuwerenga masikuwo. Musakonze chilichonse, musaphe nkhuku.

Nsapato zimene mudapempha ndapeza, nambala sikisi, zakuda.

Ndine wanu,
Greenwell


10 Malichi 1974

AMAYI,

MONI. NDINE GREENWELL.

NDILI BWINO. ZALA ZIWIRI ZIDADUKA. NDIDABISA.

CHIMWALA CHILIBE MOTO. MZUNGU SADANENE. NDIDANAMA NDINE.

MARIAMU ALIBE MLANDU.

MUDASIYA CHIMANGA. SIMUDATSANZIKE ABAMBO. SIMUDAGONE TULO. ANTHU ADAKUSEKANI. ZONSE NDINE.

NDIDATI MULI NGATI MWANA. NDIDATI SIMUNGADZIWE. APA NDIDACHIMWA KOPOSA.

NDIBWERA MU EPULO. NDIDZAIMA PANJA. NDIDZALOWA MUKANDIITANA.

NDINE MWANA WANU, NGATI MULOLA.

GREENWELL